Kodi central line yokutidwa mankhwala imatetezadi wodwala ku matenda a m'magazi?

Funso: Ndine namwino woyang'anira chipinda cha odwala mwakayakaya. Miyezi yapitayi odwala angapo amene anali ndi central line anadwala matenda a m'magazi. Wogulitsa zipangizo wina watiuza kuti tikasiya makatheta wamba n'kumagula okutidwa mankhwala opha tizilombo, vutoli litha. Koma ndi odula. Kodi amagwiradi ntchito? Abwino ndi ati, ndipo tingawasiye m'thupi nthawi yaitali kuposa enawa?

Yankho: Anamwino, makatheta amenewa amagwira ntchito ndithu, koma wogulitsayo wawonjezerako. Matenda amawachepetsa, sawathetsa. Kuti ndalama zanu zipindule zidalira zinthu ziwiri zimene iyeyo sangazidziwe: matendawa achuluka bwanji m'chipinda mwanumo, ndiponso tizilombo tikulowera pati. Tiyambe ndi polowerapo, chifukwa mankhwala opaka pa katheta amatseka njira zina, zina ayi.

Central line ndi katheta, kutanthauza kachubu kakatali ka pulasitiki, imene imaboola khungu pakhosi, pansi pa fupa lopingasa la paphewa, kapena m'mphechepeche, n'kukathera mu mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima. Njira yoyamba ya tizilombo ndi ya kunja kwa katheta. Mabakiteriya a pakhungu la wodwala, kapena obwera ndi manja a woika, amatsata balalo n'kumatsetsereka pamwamba pa pulasitiki mpaka m'magazi. Imeneyi ndiyo imavuta kwambiri m'masiku 7 mpaka 10 oyamba. Yachiwiri ndi ya mkati. Nthawi iliyonse munthu akatsegula pakamwa pa katheta, pamene timalumikiza dripi ndi sirinji paja, akhoza kulowetsa tizilombo, ndipo katheta ikakhalitsa njira imeneyi ndiyo imatsogola. Palinso madzi a dripi kapena mankhwala oipitsidwa, komanso tizilombo tochokera ku matenda a kwina m'thupi, monga m'mapapo kapena m'mimba, timene timayenda ndi magazi n'kudzamatirira pa katheta.

Katheta ikangolowa, mapuloteni a m'magazi amaikuta, mabakiteriya amagwira pamenepo n'kuyamba kutulutsa zonanda zodzitchinjirizira. Zili ngati ndere zoterera za mkati mwa mtsuko wosatsukidwa: madzi mungawasinthe kangati, nderezo zili pomwepo. Mabakiteriya akabisala m'zonandazo, maantibayotiki sawapha bwino, n'chifukwa chake nthawi zambiri katheta yogwidwa matenda timaichotsa m'malo molimbana nayo ndi jakisoni. Ntchito ya mankhwala opakawa ndi kupha tizilombo toyamba kufika, zonandazo zisanamangike.

Mitundu imene ili ndi umboni wokwanira ndi iwiri. Woyamba ndi wa chlorhexidine ndi silver sulfadiazine, umene ambiri amaudziwa ndi dzina la Arrowg+ard Blue chifukwa kathetayo ndi yabuluu. Makatheta oyambirira a mtunduwu ankapakidwa kunja kokha. Dennis Maki ndi anzake ku Wisconsin ku America anawayesa, ndipo zotsatira zawo za mu 1997 zinasonyeza kuti matenda a m'magazi anatsika kuchoka pa 7.6 kufika pa 1.6 pa masiku 1,000 a katheta (masiku amene odwala onse anakhala ndi katheta ataphatikizidwa). Opanga anadzawakonzanso: anawonjezera chlorhexidine wa kunja katatu, n'kupakanso chlorhexidine mkati mpaka kukamwa kwa katheta. Kafukufuku wa Mark Rupp wa mu 2005 anapeza kuti atsopanowa ankamera tizilombo tochepa akawachotsa n'kuwayeza ku labu, koma matenda a m'magazi enieniwo anali ochepa kale m'magulu onse awiri, moti kusiyana kwake sikunatsimikizike.

Wachiwiri ndi wa maantibayotiki awiri, minocycline ndi rifampicin, opakidwa kunja ndi mkati momwe. Wodziwika ndi Spectrum wa kampani ya Cook, wooneka ngati wa olenji chifukwa cha rifampicin yemwe uja amasintha mkodzo wa odwala TB. Rabih Darouiche ndi Issam Raad a ku Houston anayerekeza mitundu iwiriyi m'zipatala 12 za ku America, ndipo mu 1999 anapeza kuti pa makatheta 356 a maantibayotiki, imodzi yokha ndi imene inabweretsa matenda a m'magazi, pamene pa makatheta 382 a chlorhexidine panali 13. Wogulitsa Spectrum aliyense adzakuuzani manambala amenewa. Chimene sadzanena n'chakuti amene anagonjawo anali a mtundu wakale, wopakidwa kunja kokha, choncho si chigamulo pa atsopano aja. Makatheta a siliva yekha, kapena siliva ndi platinum ndi carbon, zotsatira zake n'zosakhazikika, ndipo okutidwa heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, musawaike m'gulu limeneli.

Akatswiri a Cochrane, gulu lounika kafukufuku wa zaumoyo, anaphatikiza mu 2016 kafukufuku 57 wa odwala akuluakulu, wokhudza makatheta oposa 16,000. Anapeza kuti kukuta mankhwala kumachepetsa matenda a m'magazi ochokera pa katheta ndi pafupifupi awiri pa makatheta 100 aliwonse. Ndiye kuti muike makatheta 50 kuti mupewe matenda amodzi. Chiwerengero cha omwalira sichinasinthe, ngakhalenso cha amene madokotala anawapeza ndi sepsis (kudwalika kwa thupi lonse chifukwa cha tizilombo) poona zizindikiro. Kuchepa kwa tizilombo tomera pa katheta kunaonekera bwino m'zipinda za odwala mwakayakaya kusiyana ndi kwa odwala khansa kapena odyetsedwa kudzera mu mtsempha, koma pa matenda a m'magazi enieniwo kusiyana kotere sikunaoneke. Kwa ana nkhani yake ili pawiri. Kafukufuku wa CATCH wa mu 2016, wa m'zipinda 14 za ana odwala mwakayakaya ku England, anapeza matenda a m'magazi mwa ana 7 pa 486 amene anali ndi katheta ya maantibayotiki, 18 pa 502 a katheta wamba, ndi 17 pa 497 a heparin. Koma PREVAIL wa mu 2019, wa makanda 861 obadwa masiku osakwana, sanapeze phindu lililonse ndi katheta yokutidwa miconazole ndi rifampicin. Ngati chipatala chanu chikuganizira za ku nazale, umboni wogulira palibe.

Nambala ya 50 ija si yanu ayi, ndi ya zipatala zonsezo zitaphatikizidwa. Yanu muipeza powerenga, ndipo kuwerengako sikufuna kompyuta. Tsiku lililonse, ola lomwelomwelo, wina alembe m'kabuku kuti odwala angati ali ndi central line. Pakutha pa mwezi muwonkhetse, amenewo ndiwo masiku a katheta. Gawani chiwerengero cha matenda otsimikizidwa ndi labu ndi masikuwo, n'kuchulukitsa ndi 1,000. Mwachitsanzo, masiku 450 pa miyezi itatu ndi matenda atatu zikupatsani 6.7. Mwezi umodzi sukwana, chifukwa m'chipinda cha mabedi ochepa wodwala mmodzi amasintha nambala yonse. Tsono taonani mmene masamu amayendera. Cochrane anapeza kuti katheta yokutidwa imachotsa pafupifupi 38 pa matenda 100 aliwonse. Ngati mwa inu makatheta 5 pa 100 amabweretsa matenda, mupewa awiri pa 100. Ngati ndi imodzi pa 100, muyenera kuika makatheta oposa 250 kuti mupewe amodzi. Tengani kusiyana kwa mtengo wa katheta wamba ndi yokutidwa, chulukitsani ndi nambala imeneyo, muyerekeze ndi mtengo wa masabata awiri a maantibayotiki monga meropenem kapena vancomycin ndi bedi limene wodwalayo watsekereza. Akuluakulu a chipatala amamva masamu otere msanga kuposa kabuku ka wogulitsa.

Malangizo a bungwe la CDC la ku America a mu 2011 amanena mosapita m'mbali. Katheta yokutidwa igwiritsidwe ntchito kwa wodwala amene akuyembekezeka kukhala nayo masiku oposa 5, ngati matenda sakutsika pambuyo poti chipatala chaphunzitsa oika ndi osamalira, chikutsata zodzitchinjiriza zonse poika, ndipo chikutsuka khungu ndi chlorhexidine wa mu sipiriti. Ine ndimagwirizana ndi ndondomeko imeneyi chifukwa cha zimene zinachitika ku Michigan, ku America komweko. Peter Pronovost wa ku yunivesite ya Johns Hopkins anagwira ntchito ndi zipinda 103 za odwala mwakayakaya kumeneko, akulimbikira zinthu zisanu: kusamba m'manja, kuvala ndi kuphimba mokwanira, chlorhexidine pakhungu, kupewa mtsempha wa m'mphechepeche, ndi kuchotsa katheta yosafunikanso. Malinga ndi lipoti lawo la mu 2006, matenda anatsika kuchoka pa 7.7 kufika pa 1.4 pa masiku 1,000 patatha chaka ndi theka. Chimodzi mwa zimene zinathandiza n'chakuti anamwino anapatsidwa mphamvu yoimitsa dokotala amene walumpha sitepe, pokhapokha pakhale ngozi yoti moyo uli pachiswe. Mphamvu imeneyo simuigula, imangofuna mkulu wa madokotala anene pamaso pa onse kuti ndi mmene zizikhalira.

Musanapemphe ndalama, imani pambali muonerere makatheta angapo akuikidwa. Woika avale chipewa, masiki, gauni ndi magulovesi opanda tizilombo, ndipo wodwala aphimbidwe thupi lonse, osati kansalu kapabowo kongokwana pakhosi, chifukwa waya wotsogolera katheta polowa ndi wautali ndipo amagunda pilo kapena tsitsi mosavuta. Khungu litsukidwe ndi chlorhexidine wa 2% wa mu sipiriti wa 70%, mokhula kupita ndi kubwerera kwa masekondi 30, pamalo a chinyontho ngati m'mphechepeche mphindi ziwiri, kenako liume lokha. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Kupukuta ndi gozi kapena kukupiza ndi dzanja kumadula ntchito ya mankhwalawo. Ku France, kafukufuku wa CLEAN wa mu 2015 anapeza matenda 0.28 pa masiku 1,000 ndi chlorhexidine wa mu sipiriti, pamene ndi ayodini wa mu sipiriti anali 1.77. Ngati mu famase muli ayodini yekha, kusintha botolo limeneli kubwere patsogolo pa kusintha katheta. Pa nkhani ya malo, mtsempha wa pansi pa fupa la paphewa umabweretsa matenda ndi kuundana kwa magazi kochepa, koma ngozi yoboola phapo ndi yokulirapo: kafukufuku wa 3SITES anapeza 1.5 pa 100 pamenepo, ndi 0.5 pa 100 pakhosi. Ngati makina a sikani alipo agwiritsidwe ntchito, chifukwa kubaya kambirimbiri kumachulukitsa mavuto onse. Ndipo musatenge katheta ya mabowo atatu pamene awiri akwanira, poti kamwa lililonse ndi polowera pena.

Gawo lalikulu lili kwa inu anamwino, masiku otsatira. Pakamwa pa katheta pakhulidwe ndi sipiriti wa 70% kapena chlorhexidine wa mu sipiriti kwa masekondi 15, paume, kenako mulumikize, ndipo izi ndi nthawi iliyonse, ngakhale 3 koloko usiku pa mankhwala achisanu ndi chimodzi. Pulasitala woonekera mkati asinthidwe masiku 7 aliwonse, gozi masiku awiri aliwonse, koma akanyowa, akada kapena akamatuka m'mphepete asinthidwe pompo. Pakhosi la bambo wa ndevu kapena wodwala wotuluka malovu ndi pamene amamatuka kawirikawiri, ndipo kumatapo pulasitala wina pamwamba n'kungotsekera chinyontho mkati. Machubu a dripi yoyenda mosalekeza sasinthidwa maola 96 asanakwane, koma asapitirire masiku 7. Amene mwadutsa magazi kapena chakudya cha mafuta asinthidwe pasanathe maola 24, a mankhwala ogonetsa a propofol maola 6 mpaka 12. Ngati mungapeze pulasitala kapena siponji yokhala ndi chlorhexidine, umboni wake kwa akuluakulu ndi wolimba, ndipo imatseka njira ya kunja yomweyo imene katheta yabuluu imatseka.

Yang'anani bwinobwino thumba la saline limene limapachikidwa pa sitandi kuti aliyense azitapamo madzi otsukira makatheta. Singano imakhala yobayidwa pamenepo tsiku lonse, anthu asanu amatapamo, ndipo likaipitsidwa limadwalitsa chipinda chonse. Palibe katheta yokutidwa imene ingayeretse mililita 10 a madzi oipa akudutsa mkati mwake m'masekondi ochepa. Odwala angapo akadwala motsatizana, makamaka ngati labu yapeza kachilombo kamodzimodzi, pokayikira poyamba ndi pamenepa, kenako mabotolo a mankhwala obayidwa kangapo, kenako manja.

Chifukwa chake funsani a labu kuti odwala anuwo anawapeza ndi chiyani. Kafukufuku wamkulu amene ndatchulayu anachitikira ku America ndi ku Ulaya, kumene ambiri mwa matendawa amayamba ndi bakiteriya wa pakhungu wotchedwa Staphylococcus, ndipo mitundu iwiri ija imalimbana naye bwino. Minocycline ndi rifampicin ndi ofooka pa bakiteriya wa Pseudomonas aeruginosa ndi pa fangasi wa Candida. M'zipatala zathu mabakiteriya monga Klebsiella amavuta kwambiri. Kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome Trust pa magazi oyezedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anasonyeza kuti Klebsiella wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa 11.8 pa 100 mu 2003 kufika pa 90.5 pa 100 mu 2016. Manambalawa ndi a matenda onse a m'magazi, osati a makatheta okha, koma akutiuza ziwiri. Matenda amodzi opewedwa kuno ndi a mtengo wapatali, chifukwa mankhwala owachiza ndi ochepa ndiponso odula. Komanso ngati Klebsiella ndi Acinetobacter ndiwo akupezeka mwa inu, musayembekezere kutsika kofanana ndi kwa ku Houston kuja.

Pali odwala amene makathetawa sawayenera, ndipo izi zifunsidwe paketi isanatsegulidwe. Chlorhexidine akhoza kuyambitsa anaphylaxis, kudana kwa thupi ndi mankhwala kobwera mwadzidzidzi ndiponso koopsa. Nkhani zoyamba zambiri zinachokera ku Japan, ndipo bungwe la FDA la ku America linachenjeza za zimenezi mu 1998. Zimachitika patangopita mphindi zochepa katheta italowa: BP imagwa, wodwala amabanika, zidzolo zikhoza kutuluka kapena ayi. Vuto ndi lakuti kwa wodwala amene anali kale mwakayakaya, onse amaganiza kuti ndi sepsis, kapena kuti phapo laboka, kathetayo n'kumapitiriza kuthira mankhwala m'magazi. Zikatero perekani adrenaline, kwa wamkulu 0.5 mg mu mnofu wa pantchafu ngati palibe wodziwa kupereka mu mtsempha, thirani madzi, ndipo kathetayo ichoke mutangopeza kanyula pena. Mtundu wabuluu ulinso ndi mankhwala a sulfa, choncho funsani za Bactrim. Odwala ambiri amene ali pa ma ARV anamwapo mankhwalawa, ndipo ngati anawatulutsa zidzolo, iwo kapena owadikirira amakumbukira, mwinanso zinalembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Wa maantibayotiki sayenera kwa amene thupi lawo limadana ndi doxycycline, tetracycline kapena rifampicin, ndipo opanga ake salimbikitsa kuugwiritsa ntchito kwa amayi oyembekezera. Lembani mtundu wa katheta pa fayilo ndi pabedi, chifukwa ikamatidwa wa shifiti ina sangaidziwe.

Za rifampicin ndi TB anthu amafunsa kawirikawiri. Mankhwala a pa katheta ndi ochepa kwambiri, si oti n'kuchiza kapena kusokoneza chithandizo cha TB. Chondidetsa nkhawa ine ndi china: Staphylococcus sachedwa kusiya kumva rifampicin, ndipo munthu amene wamwa mankhwala a TB miyezi ingapo akhoza kukhala ndi mabakiteriya otere pakhungu, minocycline n'kutsala yekha pa ntchito. Mu PREVAIL muja, mabakiteriya osamva rifampicin anapezeka kwambiri pa nsonga za makatheta okutidwa kusiyana ndi pa wamba. Kwa wodwala wa TB ndingasankhe wa chlorhexidine ngati sulfa samuvuta.

Ngati mwakonza zonsezi ndipo nambala yanu ikadali pamwamba, gulani, koma osati kwa aliyense. Sungirani amene mukuona kuti akhala ndi katheta masiku oposa 5, amene apsa ndi moto, amene chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri, amene ali ndi valavu yoikirira mu mtima, amene anadwalapo kale matendawa, ndi amene mitsempha yawo yatha moti katheta imeneyi ikawonongeka palibenso poika. Wochokera ku fiyeta amene katheta yake ichoka mawa kapena mkuja, wamba imukwanira.

Funso lanu lomaliza, loti mungawasiye m'thupi nthawi yaitali kuposa enawa, yankho lake ndi ayi. Mankhwalawa amasungunuka pang'onopang'ono. Pa zoyeza za mu labu, mphamvu ya mtundu wakale wa chlorhexidine pa Staphylococcus epidermidis inkatsika ndi theka m'masiku atatu, ya minocycline ndi rifampicin m'masiku 25. Koma lamulo la nthawi ndi limodzi pa makatheta onse. Sasinthidwa chifukwa chakuti kalendala yakwana, poti kubaya kwatsopano kuli ndi ngozi zake ndipo sikuchepetsa matenda, komanso sasiyidwa tsiku limodzi ntchito yake itatha. Pa raundi ya m'mawa uliwonse funsani dokotala kuti kathetayi ikugwira ntchito yanji lero imene kanyula singagwire. Yoikidwa mothamanga pa ngozi, popanda ukhondo wokwanira, isinthidwe pasanathe maola 48, ngakhale ikhale yokutidwa.

Wodwala wa central line akatentha thupi, makamaka akanjenjemera mutangotsuka katheta, yezani malungo ndithu, koma musathere pomwepo. Pabala pakhoza kuoneka bwinobwino matenda ali mkati. Musanapereke antibayotiki tengani magazi kawiri nthawi imodzi, ena pa katheta, ena pa mtsempha wa pamkono, mililita 8 mpaka 10 mu botolo lililonse kwa wamkulu, ofanana kuchuluka, ndipo mulembe pa mabotolo kumene achokera. Ngati labu yanu ili ndi makina olemba nthawi, botolo la pa katheta likayamba kumera maola awiri kapena kuposerapo lisanamere la pamkono, gwero ndi katheta. Mukaichotsa, dulani masentimita 5 a kunsonga ndi sizasi yopanda tizilombo, muike m'kabotolo kouma, ndipo muwauze a labu kuti inali yokutidwa, chifukwa mankhwala otsalira akhoza kulepheretsa tizilombo kumera n'kukunamizani kuti zili bwino. Pakakhala mafinya pabala, BP ikagwa, kapena akapeza Staphylococcus aureus, Candida, Pseudomonas kapena Klebsiella, katheta ichoke tsiku lomwelo. Staphylococcus aureus ndi Candida amafuna mankhwala a masiku osachepera 14, kuwerenga kuyambira tsiku loyamba limene magazi ayezedwa n'kupezeka opanda kachilombo. Ndipo musalole kuti katheta yokayikiridwa isinthidwe podutsa waya pabowo lomwelo poganiza kuti yatsopanoyo ndi yokutidwa. Wayayo amadutsa m'zonanda zija n'kuzipaka mkati mwa yatsopano. Ngati wodwala akufunikabe central line, iikidwe pamalo ena.